Tsiku limene mlamu wanga analanda khitchini

Malasha atayamba kukokera alendo ku Moatize, mlongo wanga anapezako mwamuna, mzungu wa ku Irilanda wokonza makina a pamgodi. Mayi sanamufune. Ankati wobwera ndi malasha adzapitanso ndi malasha, mwana wawo n'kutsala padzuwa. Mlongo wanga anabwera naye kwathu ku Zóbuè pa Natale, chikondwerero cha kubadwa kwa Yesu, atamuuziratu kuti mayi akakana, ukwati palibe.

Munthuyo anayesetsa ndithu. Ankagwada popereka moni, mawondo kuchita kulira, koma mayi ankangoyang'ana kumbali.

Ndiye pa tsiku la Mafumu, lija timatsekera nyengo ya Natale, tinadzuka n'kumupeza mzungu uja akukwecha mapoto. Madzi anali atatunga kale, pabwalo atasesa mokhotakhota. Azimayi oyandikana nafe anaunjikana kumpanda, wina n'kunena mosabisa mawu kuti, "Amudyetsa khuzumule ameneyu!" Mlongo wanga anathawira m'nyumba ndi manyazi. Ine ndinapsa mtima, poona kuti munthu wadziphera yekha ukwati. Mwamuna wofunsira mbeta kulowa m'khitchini mwa apongozi!

Mayi anatuluka akumanga kapulana m'chiuno. "Tamufunsa," anandiuza, "kodi ndine wauve kuti azinditsukira mapoto?"

Mzunguyo anayankha m'Chipwitikizi chake chotsimphina, ine ndikumasulira. Kwawo, tsiku limeneli ndi Natale ya azimayi. Poti amakhala atatopa ndi kuphikira anthu nyengo yonse, amakhala pansi n'kumamwa tiyi ndi anzawo, ntchito zonse n'kusiyira amuna. Anawonjeza kuti mayi ake anamwalira chaka chathacho, ndiye analibenso wina womukhazika pansi.

Kenaka ananyamula mpando n'kukauika pansi pa mtengo wa mango.

Mayi anauyang'ana mpandowo. Anakhala, koma cham'mphepete, ngati munthu wodikira dokotala. Manja awo anasowa chogwira, ankangosisita mawondo. Chibadwire ndinali ndisanawaonepo atangokhala dzuwa likuswa mtengo, ndipo zinandimvetsa chisoni kwambiri.

Tiyi anabwera wakuda bii, mandasi opserera mbali imodzi. Mayi analawa, anakwinya nkhope, kenaka anakodola azimayi a kumpanda aja kuti akatenge makapu awo.

"Nanga iwe waimiranji?" anandiloza. "Kamuthandize mkamwini wangayo, angandiotchere khitchini."