Mpanda Umene Tinamanga M'nyanja ku Nacala

Ndikukumbukira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, bambo atatisamutsa ku Ntcheu kupita ku Nacala, kumene ankagwira ntchito ya njanji. Ndiwo zinkavuta. Madzi a nyanja yamchere akaphwa, amayi ankakatola nkhono mu udzu womera pansi pa madzi, ine pambuyo ndi chitini.

Udzuwo unali wodukaduka nsonga. Unkabudulidwa ndi tinsomba ta minga pamsana, tobwera m'magulu ngati mbuzi zolowa m'dimba. Ife a kumtunda tinkadziwa mankhwala a mbuzi. Amayi anazika mitengo kuzungulira pamene ankatolapo nkhono, ine n'kukulungapo ukonde wakale. Azimayi a kumeneko ankatiseka.

"Asiye aseke," anatero amayi. "Wosatchinga dimba amadya chiyani?"

Udzu wa mumpandamo unatalikadi. Kenaka unakutidwa ndi ndere zoterera, unada, n'kuyamba kununkha ngati dzira lovunda. Nkhono zinasowa. Kunja, kumene nsomba zinkadya, masamba ankaphukira atsopano, obiriwira. Ife tinabwerera ku chigwada chopanda mafuta.

Amayi anazula okha mitengoyo, miyendo ikutitimira m'matope akuda. "Mwanawe, zija sizinali mbuzi. Zimatipalirira."

Mawuwo ndinakalamba nawo. Lero ndimakhala ku Rockingham, tauni ya m'mphepete mwa nyanja m'dziko lakutali, kwa mwana wanga wamkazi, namwino. Udzu wa m'nyanja ya kuno ndi wa madzi ozizira, ndipo umakula mochedwa. Koma madzi akufunda, ndipo nsomba za mtundu uja zatsika kuchokera kumpoto. Ndinaizindikira imodzi mdzukulu wanga ataiwedza. Minga yake ndi yomweija. Kuno zikabudula, udzu suphukira msanga. Pamene ndinkaona mdima wa udzu nditangofika, tsopano ndimaona zigamba za mchenga.

Ndawalembera akuluakulu a boma kuno kangapo za udzuwu. Mayankho awo ndinasunga onse, ndi maenvulopu omwe. Aliyense amandithokoza chifukwa cha chidwi changa, ngati ndinapempha kuthokozedwa.

Mdzukuluyo atamva nkhani ya ku Nacala anandifunsa, m'Chingerezi chake chija, "Ndiye agogo, kuno titchinge kapena ayi?"

Uko mpanda unapha udzu, kuno ukufa popanda mpanda. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti ndinaphunzira khalidwe la nsomba. Chimene ndinaphunzira ndi khalidwe la malo amodzi, madzi ake asanasinthe. Ndilibe chomusiyira mwanayu koma mapepala a mayankho aja.