Ulendo wa Melvina wa ku Ohio

Orrin Tackett anafika ku Kansas pangolo ndi mkazi wake Melvina, tauni ya Fallow Creek ikadali tinyumba tochepa tadothi. Anamulemba ntchito a Vandergrift, mwini malo onsewo, amene anayambitsa nyuzipepala oiwerenga asanabwere n'komwe. Inkatumizidwa kum'mawa kukakopa ogula malo. Orrin ankatola zilembo zamtovu chimodzichimodzi n'kumazisanja, Melvina n'kumapaka inki, ndipo awiriwa anamanga papepala tauni ya misewu yotakata ndi mpweya wochiritsa chifuwa. Linali bodza lamkunkhuniza, koma ndi limene linkawadyetsa.

Osindikiza ali ndi mwambo wawo. Akamwalira munthu wolemekezeka, amatembenuza tizitsulo tolekanitsa nkhani kuti mbali yokhuthala ikhale pamwamba, ndipo tsamba limatuluka ndi mizere yakuda bii. Orrin anachitirapo zimenezi akuluakulu akutali amene sanawaonepo ngakhale chipewa.

Chilimwe china malungo a kumtsinje anamutenga Melvina, inki isanachoke m'zikhadabo. Pochokera kumanda, Orrin anakatembenuza tizitsulo tija n'kusanja dzina la mkazi wake pamwamba. Sankafuna zambiri, koma kuti tauni ivomere kuti yataya munthu.

A Vandergrift anamupeza ali mkati mosanja.

"Zakudazi n'za chiyani, Tackett? Wamwalira bwanamkubwa?"

"Ndi mayi akunyumba, bwana. Paja munalipo pamaliro."

"Ndinalipo, ndipo pepa kwambiri. Koma pepalali likupita kwa ogula malo. Ukufuna ndiwauze ndekha kuti kuno kuli malungo? Chotsa. Lemba kuti apita kukaona abale ku Ohio."

"Agona kuseri kwa khola lanu, bwana."

"Ine ndati ku Ohio. Kapena makinawa ndi ako?"

Makina osindikizirawo sanali a Orrin, ngakhalenso nyumba imene ankagona. Anamasula dzinalo, ndipo ndi zala zomwezo anamutumiza Melvina ku Ohio, kumene analibe ndi m'bale yemwe. Anawada a Vandergrift tsiku limenelo, koma anadzida yekha koposa. Anthu a m'tauni anawerenga n'kungoti zii, poti nawonso anali ndi malo ogulitsa.

Ntchitoyo anaigwira mpaka msana unapindika, ndipo anatumiza ambiri ku Ohio, ndi ana omwe. Koma chimene chinkamudya mtima mpaka ukalamba chinachitika chaka chomwe Melvina anamwaliracho, anthu atakolola. Kunabwera Mayi Lindqvist, mnzake wa Melvina wa kumunda wakutali, amene za m'tauni ankangozimvera m'nyuzipepala. Ananyamula botolo la jamu.

"Uyu ndi wa mnzanga. Ndinawerenga zoti ali ku Ohio. Koma inu abambo, mkazi kumusiya kwawo miyezi yonseyi, mukufuna akulandeni? Akubwera liti?"

A Vandergrift anali chiimire pakhomo, akusuta. Orrin analandira botololo ndi manja awiri.

"Sanandiuze, mayi," anatero.