Madisiki Awiri a Agogo

Fungo la fumbi lotenthedwa limandibwezera ku Mufakose, m'chilimwe chimene achimwene anga a Yohane anabweretsa kompyuta yakale imene ankafuna kuitaya kuntchito kwawo ku Graniteside. Tinaiika pa tebulo lodyera, mayi n'kuifunditsa kansalu koluka ngati mlendo wozizidwa. Ikayaka inkalira ngati firiji yotopa, kumbuyo kwake kukutuluka kampweya kotentha.

Nthawi imeneyo agogo aamuna, bambo awo a mayi, anali atayamba kufooka. Ndikaweruka kusukulu ankakhala pambali panga, ndodo ili pakati pa miyendo, n'kumandisimbira za ulendo wawo wapansi kuchokera ku Ntcheu, kudzera ku Tete, kudzafuna ntchito kuno kudziko la Ashona. Ine ndinkalemba ndi zala ziwiri. Ndikasakaniza Chishona ankagogoda ndodo pasimenti mpaka nditakonza. Anatchula mudzi wawo, mayi awo, ndi mlongo wawo amene anamusiya akulira pamtsinje, anthu amene ngakhale mayi anga anali asanawamvepo.

Kompyutayo inali yosadalirika, choncho achimwene anati zonse ndizisunga pa disiki, kambale kakuda ka ngodya zinayi kokhala ndi kachitseko kachitsulo. Anandipatsa awiri. "Ukamaliza, uzikopera pa yachiwiriyi," anatero. "Madisiki amafa osatsanzika." Ndinkachitadi zimenezo tsiku lililonse, ndikumvetsera kompyuta ikukukuta mano mpaka kagetsi kake katazima.

Tsiku lina ndinapeza disiki yachiwiri kulibe. Mayi anali ataipereka kwa amalume a Fanuel a ku Epworth, amene ankasowa poika kalata yofunsira ntchito. Zonse zimene zinalimo amalumewo anali atazifufutitsa kale m'tauni.

"Unanena wekha kuti zili m'menemo n'zofanana," anatero mayi osasiya kusita. "Ndiye iwe mwana ukhale ndi awiri, amalume ako alibe ndi imodzi yomwe? Hazviite, sizingatheke."

Ndinalira mpaka maso kutupa, ndipo anandipatsa dzina la womana. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti palibe anaona ngati pali chofunsira. Ndinali mwana, ndipo mwana analibe chake m'nyumba. Achimwene analonjeza kubweretsa disiki ina, koma tsiku lililonse ankabwera chimanjamanja, ati aiwala.

Mvula yoyamba itagwa, agogo anagwa kubafa ndipo pakamwa panapotoka. Sanayankhulenso mpaka tinawaika m'manda. Maliro atatha ndinalowetsa disiki yotsala ija kuti ndiwawerengere mayi. Kompyuta inakukuta, n'kusiya, n'kukukutanso, kenako inakana. Achimwene anaiuzira mpweya disikiyo, anakaiyesa kuntchito, osatheka. Anati fumbi ndi kutentha zinaidya. Mayi anangolowa kuchipinda, ndipo sitinaikambenso nkhaniyo. Amalumewo ngakhale ntchito ija sanaipeze.

Ndili mwana ndinkati akuluakulu onse aja anali ogontha ndi ouma mtima. Lero ndikudziwa kuti m'nyumba imene malaya amodzi ankavalidwa ndi ana atatu motsatizana, chinthu chachiwiri chongokhala chinkaoneka ngati tchimo. Ndimawamvetsa mayi, koma mkwiyo sunathe. Mwana wanga anandifunsa posachedwapa dzina la mlongo uja anasiyidwa pamtsinje. Ndinalilemba ndi zala zangazi, ndinalikopera kawiri, koma sindikulikumbukira.