Njerwa ya Atsibweni

Nzeru yomanga nyumba ya lendi ndinaitola pa Nathenje, m'zaka zija khadi la chipani linali lofunika kuposa malaya. Sukulu ndinali nditaisiya ndili Sitandade 5, tsiku limene aphunzitsi anandikwapula chifukwa cha phokoso la mnzanga, ine n'kuwalanda ndodo n'kuiponya padenga. Mtima wanga ngwapachala kuyambira kale, ndipo mankhwala ake sindinawapezebe.

Pa Nathenjepo ndinkamata machubu a njinga m'mphepete mwa msewu, n'kumagona m'kachipinda ka bambo wina amene ntchito yake inali bawo. Dzuwa lituluke, bawo. Dzuwa lipendeke, bawo. Koma mwezi ukatha, aphunzitsi ndi akalaliki a mataye ankabwera kudzalipira lendi atagwira chipewa m'manja, n'kumamutchula kuti bwana, munthu woti ngakhale dzina lake sankatha kulemba. Ndinati mumtima, ntchito yanga ndi imeneyi.

Ndinayamba kudzimana. Tiyi wopanda shuga, nsapato za matayala. Malata ndinkagula limodzilimodzi, akale, mabowo ake n'kumawamata ndi phula. Malo anandilozera ndi atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, pa kamunda ka mbumba yathu kufupi ndi msika wa Mitundu.

Za amisiri sindinaziganizire n'komwe. Kwathu munthu akafuna manja ambiri amaitana dima: umafulula mowa, anthu amabwera kudzagwira ntchito, amamwa, nkhani yatha. Ine ndinkaona ngati imatheradi pomwepo. Mlongo wanga anafulula masese, a mpingo tinawakonzera thobwa, mudzi wonse unakhamukira ku Mitundu kukaumba njerwa. Asuweni anga anakatenga mitengo ya denga ku Dzalanyama pa ngolo. Atsibweni okha sanagwire dothi. Ankangozungulira chipanda chili m'manja, kudzudzula zikombole za anzawo. Tsiku loyamba kumanga anatola njerwa imodzi, naiika pangodya, nati, "Nyumba yayamba ndi ine." Tonse tinaseka.

Inatha bwino: zipinda ziwiri, khonde lalikulu, bafa ndi chimbudzi kuseri. Woyamba kuifuna anali anesi a pa chipatala cha Mitundu, mayi wamtali wosaseka wamba, amene anali atangosamutsidwa kuchokera ku Likuni. Anayang'ana denga, nayang'ana chimbudzi, nati, "Eni nyumba, muike chotsekera padzenjepa, ndilowa Lolemba." Eni nyumba! Tsiku limenelo ndinapalasa njinga mpaka pa Nathenje osamva chitunda.

Chimwemwe chinatha pa tsiku la msika. Ndinapita kukaona ngati zonse zili bwino, ndipo ndinapeza mudzi wathu wonse uli pakhonde. Njinga zitatsamira khoma. Mbuzi zitamangidwa pa nsanamira, zikudya maluwa amene anesi anali atangodzala. Azakhali akusambitsa mwana m'bafa ndi sopo wa eni ake. Pampando wa anesi panali atsibweni, miyendo itatambasulidwa. Khadi lawo la chipani linali la chaka chatha, choncho pa chipata cha msika, pamene achinyamata a chipani ankafunsa makhadi, sankayandikirapo. Nkhuku zawo ankagulitsira pakhonde pomwepo.

Anesi anandiitanira kuseri. Anali atagwira ntchito mpaka m'mawa, maso ali psuu.

"Eni nyumba, ine ndinachita lendi nyumba kapena siteji ya basi?"

"Pepani mayi, ndi abale."

"Abale anu, osati anga. Msika ukubwerawu ndikapezanso mbuzi pakhonde, ndisamuka. Ndipo wa boma aliyense wofuna nyumba pa Mitundu pano ndidzamuuza chimene chandisamutsa."

Ndinazungulira nyumba ndikuthamanga, n'kunyamula njinga yoyamba imene ndinaipeza n'kuiponya mu ngalande.

"Chokani nonse! Nyumba ino ndi yanga!"

Palibe anasuntha. Atsibweni anandiyang'ana ngati akuona mwana akulira pa sikelo.

"Yako? Chabwino mphwanga. Tilozere njerwa zimene unaumba wekha, tizisiye. Zathuzi tikhalepo."

"Si munamwa mowa inu?"

"Mowa tinakodza tsiku lomwelo. Njerwa zikadalipo."

Khonde lonse linafa ndi phwete, mpaka azakhali m'bafa muja. Njinga ndinaponya ija inapezeka kuti ndi ya apongozi a mlongo wanga. Madzulo ake amayi anandigwiritsa tambala kuti ndikapepese, ndipo tambalayo ndinamugula kwa atsibweni omwewo.

Sabata imeneyo machubu ndinkamata mokhota. Ukali unali utandidyera tambala, ndipo msika unkayandikira. Anesi akachoka, nyumba ija ikanasanduka khola la mudzi, ine n'kukalambira pa pampu ya njinga. Ndiye tsiku lina ndikuboola chala ndi waya, ndinakumbukira nkhani imene amayi ankakonda kuwaseka nayo alongo awo. Chaka chimene a katemera wa nthomba anafika m'mudzi, atsibweni, munthu wopha nguluwe ndi mkondo, anakabisala m'chigafa cha fodya mpaka galimoto itapita. Ndipo sanali okha. Amuna a kwathu nkhwangwa saiopa, koma singano.

Majakisoni a masiku amenewo anali agalasi, ndipo ankawawiritsa. Ndinali nditaonapo anesi akuwiritsa awo pa mbaula kukhitchini akamakonzekera sikelo ya m'midzi. Ndinapita kwa iwo nkhope ili yaulemu, n'kunena kuti denga la khitchini ndikufuna kulikonza, mbaula ayambe aikira pakhonde. Anavomera. Kenako ndinapita kumudzi, n'kukhala pansi pamaso pa atsibweni, manja pamodzi.

"Atsibweni, ndinalakwa. Khonde lija ndi lanu ndithu. Anesi nawonso akondwa nanu. Akuti poti ndinu abale a eni nyumba, aliyense wokhala pakhonde paja azilandira katemera pomwepo, osaima pa mzere."

"Katemera wa chiyani?"

"Wa zonse. Akuti ayambira akuluakulu."

Tsiku la msika ndinafika m'mamawa n'kukhala pansi pa mtengo wa mango kutsidya kwa msewu. Atsibweni anatulukira ndi dengu la nkhuku, amuna anzawo ali pambuyo. Atafika pa mpanda anaima. Pakhonde mbaula inali ikuyaka, poto akubwata, anesi atavala zoyera akutola masingano ndi kachitsulo, kuwayang'ana padzuwa limodzilimodzi. Anakweza maso, nati mwaulemu, "Fikani bambo."

"Ayi mayi, tikungodutsa."

Sindinawaonepo atsibweni akuyenda msanga chotero. Analunjika ku chipata cha msika, nagula khadi latsopano la chipani osanyinyirika. Mbuzi, njinga, zonse zinawatsatira. Ine pansi pa mango ndinaseka mpaka kugwira nthiti.

Ndinaseka msanga. Posakhalitsa kunatulukira azimayi. Osati a kwathu okha, ndi a midzi yoyandikana nayo, aliyense mwana kumsana, wina kumanja. Uthenga wanga unali utayenda, ndipo katemera wopanda mzere mzimayi sangamusiye. Anadzaza khonde, nadzaza bwalo. Anesi anatuluka, namvetsera zimene azakhali ankafotokoza, kenako anayang'ana kutsidya kwa msewu. Anandikodola ndi chala chimodzi.

"Eni nyumba, denga la khitchini mwakonza?"

"Ndikadayang'ana misomali, mayi."

"Anthu awa mwawauza chiyani?"

Ndinafotokoza, maso ali pansi. Ndinkadziwa kuti basi, akukamanga katundu. Iwo anayang'ana khamulo. Ena mwa anawo anali oti anesi akhala akuwasakasaka m'midzi osawapeza. Anauza azimayi aja kuti pakhomo sabayirapo munthu, onse awatsatire ku chipatala. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mbuzi palibe, ndiye ndikhala. Koma mwanama m'dzina langa. Pindani malaya."

Ndinapinda. Anayang'ana mkono wamanzere, nayang'ana wamanja. Chipsera cha katemera panalibe. M'chigafa muja, chaka chija, atsibweni anali atanditenga.

"Mutsogole ndinu," anatero anesi. "Paja munati tiyambira akuluakulu. Pano wamkulu ndi eni nyumba."

Ndinayenda patsogolo pa azimayi onse aja kudutsa pakati pa Mitundu, azakhali akuimba nyimbo ya ku sikelo kumbuyo kwanga. Zimene ndinachita singano italowa sindilemba. Azakhali amazifotokoza bwino kuposa ine, ndipo amawonjezera.

Anesi anakhala m'nyumba ija zaka zambiri, ndipo atachoka anandipezera okha wolowa m'malo mwawo. Azimayi a kwathu ankaimabe pakhonde tsiku la msika, koma ankasesa bwalo, n'kusiya nkhwani kapena mbatata, n'kumapita. Nyumba yachiwiri ndinakamanga pa Nathenje, ndi amisiri olipidwa. Wachibale aliyense wofuna kuthandiza ndinkamulanda njerwa m'manja. Ngakhale madzi akumwa sindinapatse munthu.

Atsibweni sanapondenso pakhonde la ku Mitundu. Ankaima kutsidya kwa msewu, dengu la nkhuku lili pa njinga, n'kukuwa kuti msika wonse umve:

"Mphwanga! Njerwa yanga ija ikadalipo?"

"Ilipo, atsibweni! Bwerani mudzaione!"

"Ndaiona ndili konkuno."