Impso Sizidziwa za Lobola

Amene wandikakamiza kulemba izi ndi Lusungu, mwana wa mlongo wanga malemu a Msiska, amene ndi nesi ku Mzuzu. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 5, ndipo Chichewa changa ndi cha pamsika wa Bolero, ndiye Chitumbuka chikalowerera musandiseke.

Tsiku loika mlongo wangayo ndinadzuka kusanache. Kudzuka ndikungonena, pasiwa munthu sugona, umangotsamira khoma. Amayi a mpingo anali ataimba mpaka mawu kusasa. Mphepo ya ku Nyika ija ya mu Juni inkalowa m'mafupa. Ndinazungulira kuseri kwa chigafa cha fodya kumene ankaphikira, ndinapeza utsi wokhawokha, nkhuni zaziwisi, nyemba zikanali gwa. Mayi wina anathira mchere mu tiyi wa azibusa poyesa ndi shuga. Tinataya ndowa yonse. Koma nkhani si imeneyo ayi.

Dzuwa litakwera anthu anayamba kufika. Aphunzitsi anzake a malemu, ana asukulu mu yunifolomu, ena pa njinga, ena atapanikizana m'mapikapu. Kenako inafika lole ya ku Mlowe ndi ana a mng'ono wanga Esinati, amene anakwatiwa kunyanja ndipo anatisiya kale. Woyamba kutsika anali mwana wake wamkulu Wongani, msodzi, mimba ili patsogolo. Bambo wina anamukuwira kuti, "Ada, usipa wonse wa ku Mlowe mwamaliza nokha?" Anthu anaseka chamumtima poti ndi pamaliro. Nanenso ndinaseka.

Ndikuuzeni za kwathu. Bambo athu anamwalira mimba itatupa, mkodzo uli wofiira. Mng'ono wawo chimodzimodzi. Ndiye tinkangoti pali chinachake chimene chimatsata amuna a kwa Msiska. Ena ankati ndi zolodza za mkangano wa munda wakalekale. Ife ana aakazi tinalibe nazo mantha. Kuno mkazi akakwatiwa, ng'ombe za lobola zikalowa m'khola, ana ake ndi a mtundu wa mwamuna. Anga ndi a kwa Gondwe. Esinati anangogwa ali kumunda, anati ndi BP, ndipo palibe anaganiza zambiri.

Mwambo wathu ndi woti bokosi lisananyamuke wachibale mmodzi amaima n'kufotokoza mmene malemu anadwalira. Nthawi zonse amangoti anadwala, tinayesetsa, Chiuta watenga, n'kukhala pansi. Koma tsiku limeneli anaima ndi Lusungu. Akuluakulu aamuna anayang'anana, wina anatsokomola dala. Iye sanawaone n'komwe.

Ndinena mmene ndinamvera ine. Akuti mu impso muli timipaipi ting'onoting'ono tosefa mkodzo, ndipo makoma ake ndi omangidwa ndi tinthu tamoyo totchedwa maselo. Maselowo amatsata malangizo amene munthu amabadwa nawo, ena ochokera kwa bambo, ena kwa mayi. Langizo limodzi likabwera lolakwika, maselo ena amayamba kuchulukana osadziwa polekera, kapaipi kamafufuma n'kukhala thuza lodzaza madzi. Matuzawo amachuluka mwakachetechete zaka ndi zaka, impso n'kukula ngati papaya, mpaka kuleka ntchito. Mimba ya adada ake sinali yonenepa, anali matuza. Ndipo akuti kholo likakhala nawo, mwana aliyense zili ngati kuponya kobiri m'mwamba, atenga kapena satenga.

Ine ndinamvera chisoni alongo ake a Lusungu awiri amene anakhala pafupi ndi bokosi.

Tikupita kumanda, fumbi lili kobo, kwaya ili patsogolo, ndinamukoka chitenje.

"Iwe, wachita bwino kuwachenjeza alongo akowo. Mwayi wake ana anga aja ndi a kwa Gondwe."

Anandiyang'ana, maso ali ofiira. "Ankhazi, impso sizidziwa za lobola." Kwathu azakhali timati ankhazi.

"Ukuti chani?"

"Inu si mwana wa agogo? Mapilitsi a BP munayamba liti? Nanga ankhazi a Esinati anagwa bwanji kumunda kuja? Matendawa amakweza BP, ena mtsempha wa m'mutu umaphulika."

Ndinaima pakati panjira anthu akundilambalala, mayi wina mpaka anandigwira poganiza kuti ndi chisoni cha mlongo wanga.

Kumanda sindinamve chilichonse chimene abusa ananena. Maso anga anali pa Wongani. Anatenga fosholo kuti akwirire amalume ake, anaponya dothi pang'ono, n'kuima, dzanja lili m'nthiti chakumsana. Mmene ankaimira bambo athu. Ndendende. Mimba ija tinaiseka m'mawa ija.

Anthu atadya, a ku Mlowe anayamba kukwera lole kuti mdima usawapeze pa mapiri. Ndinamuitanira pambali.

"Wongani, wamva zimene wanena Lusungu?"

"Ndamva, amama, koma ndi za a Msiska zimenezo."

"Mkodzo wako uli bwanji?"

Anayang'ana pansi. "Umafiira nthawi zina. Koma ndi likodzo, amama, tonse a m'madzi timatero."

"Mankhwala a likodzo unamwa?"

"Ndinamwa. Ndinabwerezanso."

"Zinasiya?"

Dalaivala anaimba hutala. Ndinalanda chikwama cha Wongani n'kuchikhalira, ndinati lole ipite, iwe ugona konkuno. Mwamuna wamkulu wa ana ake, koma sanalimbane nane.

Madzulo nyumba inali zii, mikeka itapindidwa, mabenchi a tchalitchi atabwezedwa. Mlamu wanga wamasiye anagona osavula nsapato. Wongani anakhala pakhonde. Lusungu anati mawa atitenga tonse awiri kukajambulitsa impso pa sikani. Akuti mankhwala ochotseratu matuzawo palibe, koma ukadziwa msanga, n'kusamala BP ndi kuchepetsa mchere, impso zimapirira nthawi yaitali. Akutinso pa msinkhu wangawu zikapezeka zoyera, ana anga ndi adzukulu apulumuka, chifukwa sungapatse mwana chimene ulibe. Zikapezeka ndi matuza, ndiye aliyense ayenera kukayezetsa.

Foni inalira. Anali mwana wanga wamkazi wa ku Lilongwe, amene sanabwere chifukwa ali ndi khanda. Anafunsa ngati taika bwino amalume. Ndinkamva kakhandako kakulira chapatali. Ndinati taika bwino chomene, mwanangu. Zinazo pakamwa panakana.

Ndalemba izi usiku womwewo usanathe, zotsatira sindikuzidziwa. Inu mwawerenganu, chonde musazisunge. Ngati kwanu kuli anthu omwalira mimba itatupa, tumizirani alongo anu ndi azakhali anu onse amene anakwatiwa kutali, kaya dzina anasintha. Yewo.