Nkhuku ya Abiti Saidi

Lero ndagwira nkhuku yoti ndiphere alendo, ndiye mpeni uli m'manja ndakumbukira inu, Abiti Saidi, anansi anga a ku Namitambo. Chaka chija bambo a ana ali ku Joni, udzu unandikulira m'munda, mwana wina ali kumsana, wina m'mimba. Achibale ankangoti ndine waulesi. Inu munabwera ndi khasu lanu, masiku anayi, mpaka tinamaliza kupalira. Pofuna kuthokoza ndinapha nkhuku imodzi yokhayo imene ndinali nayo. Ndi kutopa kuja ndinaiwala kuti ndinu Asilamu, ndinaidula ndekha osaitana amuna anu kuti adzazinge. Ndinazindikira mbale ya nkhuku ili kale pamphasa pambali pa ya nandolo, ndipo ndinalira ndi manyazi. Munati, "Amake Esime, pukutani misozi. Nkhukuyo adye ana, ine patseni nandoloyo. Ndinabwera chifukwa cha inu, osati ndiwo."

Kuyambira tsiku limenelo nkhuku iliyonse ya pakhomo panga inkazingidwa kwanu. Munatisiya kalekale, koma dzanja langa likukanabe. Mpeni ndauika pansi, ndikudikira mwana wanu Yusufu adzazinge. Usani mumtendere, mayi anga.