Chala chakuda cha a Ngalande

Alamu anga, mlongo wake wa mkazi wanga, anthu amangowatcha a Ngalande, poti zaka makumi awiri akhala akufukula ngalande za m'tauni. Msana udapindika, mphuno idasiya kumva fungo kalekale. N'chifukwa chake amadya bwino kwathu, koma izi musakauze mlongo wawo.

Paipi ya mafuta itaphulika kuseri kwa depoti, kampani yoyeretsa idawatenga ganyu, n'kuwapatsa foni yaikulu ngati mbale.

"Mukaona mafuta, dinani apa," adatero mayi woyang'anira. "Foniyi imadziwa pomwe mwaima. Kadontho kofiira katuluka pa mapu a m'kompyuta yanga, a mapampu apita pomwepo. Popanda kadontho sitipitapo."

Koma foni simva chala cha m'golovesi. Ukavula golovesi, mafuta aja akuwotcha khungu. Ndiye alamu, munthu wanzeru zake, ankayenda tsiku lonse n'kumasunga malowo m'mutu. Pobwera amasamba m'manja pampopi wa paofesi, n'kudina: kamodzi, kawiri, mpaka kakhumi.

Madontho onse adakaunjikana pampopipo. A mapampu adakumba masiku atatu osapeza kanthu, kupatula paipi ya madzi yomwe adaiboola. Uku mafuta enieni akutsetsereka m'ngalande yakale ya pansi pa msewu, kulowera kuchitsime chomwe mzere wathu wonse timamwa.

Lachinayi masana ndidawapeza pakhonde, mapazi ali m'beseni.

"Alamu, akuti mwatulukira mgodi wa mafuta pampopi?"

"Ndisiyeni, ndatopa."

"Mawatu a kampani akupakira. Akuti kwayera."

"Kwayera kuti? Pansi pa msewu ndidadinapo kanayi!"

"Mudadina muli pati?"

Adandiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kuyang'ana m'beseni. Adavala majombo mapazi ali onyowa. Adapempha lezala kwa mlongo wawo n'kudula chala chimodzi cha golovesi.

Ulendo wa masiku atatu adaubwereza masana amodzi. Ine ndidawatsatira pang'ono, mawondo n'kundikaniza. Ndidangowaona akulowa pansi pa msewu chokwawa, dzanja la foni lili m'mwamba ngati munthu wowoloka mtsinje. Pansipo netiweki palibe, ndiye amatuluka, kuima pakamwa pa ngalande, kudina, n'kulowanso.

Mmawa mwake mayi uja adabwera yekha, foni ili m'manja, kutsatira madontho. Adasuzumira m'ngalandemo n'kugwira pakamwa.

"Bambo, bwanji simudanene kuti foni ikukuvutani?"

"Mudati ndizidina. Zoti ndizinena simudanene."

Magalimoto adatsitsanso katundu. Adakumba dzenje lotchingira mafuta, mapazi khumi ndi awiri kuchokera pachitsime. Ndidayeza ndekha, ndipo mapazi anga ndi aafupi. Madziwo adakawayeza, akuti ndi abwino, tikumwabe.

Kunena zoti alamu adayamikiridwa kungakhale kunama. Adawapatsa golovesi zatsopano, ganyu n'kutha. Chala chija chidasupuka, chikhadabo n'kuda, mpaka lero. Adabwerera ku ngalande zawo, komwe fosholo sifunsa pomwe waima. Akabwera kwathu amangokhala pampando wa pakhomo n'kuyamba kusinza tiyi asanafike. Ndikawapatsa madzi ndimati, "Dinani kaye, alamu, tidziwe pomwe muli." Saseka. Amangomwa, n'kupempha ena.